Rev 2 kapena Rev 3? Funso limene linandidyera zaka zitatu

Imelo iyi yagona masiku asanu ndisanayiyankhe. M'bale wina woimba kiyibodi wapeza Prophet-5, synth yakale (kiyibodi yopanga yokha mawu ake ndi magetsi), ya Rev 3, kutanthauza mtundu wachitatu wa chidachi, ikugulitsidwa, ili bwinobwino, koma anthu amuuza kuti Prophet yeniyeni ndi Rev 2, ati ya Rev 3 imalira mowonda. Akufunsa ngati agule kapena adikire. Achimwene, ndachedwa kukuyankhani chifukwa funso lanuli linandifika pamtima. Ineyo ndinalisenza zaka zitatu.

Prophet yanga yoyamba inali Rev 3. Ndinkaikonda kwabasi. Madzulo ndikaiyatsa ndinkaisiya kaye kuti itenthe, kenako n'kudina batani la Tune, iyo n'kukhala chete kwa kanthawi ikudzichuna yokha, ikatha apo ndinkaimba mpaka usiku. Panali kamvekedwe kena ka ngati malipenga ofewa kamene ndinkangoti ndikadina chord imodzi (makiyi angapo pamodzi) thupi lonse kuchita tsembwe. Zaka zingapo ndinalibe nayo dandaulo lililonse. Kenako ndinayamba kuwerenga zimene anthu amalemba, ndipo aliyense ankangobwereza mawu amodzimodzi: Rev 2 ndi yonona, Rev 3 ndi youma. Tsiku lina ndinakhala pa chida changa chomwe chija, n'kudina chord yomwe ija, ndipo ndinamva kuuma. Palibe chimene chinasintha mkati mwake. Koma ndinakumva, ndipo kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo.

Kusiyanako kulipodi, ndipo kuli ndi gwero lake. Sequential Circuits, kampani ya Dave Smith ku California, inatulutsa Prophet-5 mu 1978. Inali synth ya mawu asanu, kutanthauza kuti makiyi asanu amatha kulira nthawi imodzi, liwu lililonse lili ndi ma oscillator awiri (tizipangizo totulutsa liwulo) ndi fyuluta yakeyake (yosefa kuthwa kwa liwulo), ndipo mkati munali kakompyuta ka Z80 kosunga mitundu 40 ya kamvekedwe, chinthu chimene chinadabwitsa oimba nthawi imeneyo. Rev 1 ndi Rev 2 zinkagwiritsa ntchito ma chip (tizipangizo tating'ono ta magetsi) a kampani ya SSM, amene Dave Rossum anathandiza kupanga: SSM2030 wa oscillator ndi SSM2040 wa fyuluta. Mu 1980 kampaniyo inakonzanso chidacho n'kusamukira ku ma chip a Doug Curtis, CEM3340 ndi CEM3320, ndipo imeneyo ndiyo Rev 3. Ma oscillator a Curtis amadziwongola okha kutentha kukasintha, n'chifukwa chake Rev 3 sisochera kawirikawiri pa kachunidwe. Mwa ma Prophet-5 pafupifupi 6,000 amene anapangidwa kufika mu 1984, ambiri ndi Rev 3. Ndiye kuti nyimbo zambiri za m'ma 1980 zimene zinakukondetsani chida chimenechi n'kutheka kuti zinaimbidwa pa mtundu womwewo umene anthu akukunyozerani.

Koma ine nthawi imeneyo sindinkafuna kumva zimenezo. Ndinagulitsa Rev 3 yanga, ndinadikira chaka ndi miyezi, mpaka ndinapeza Rev 2. Thabwa lake linali lokongola, lonyezimira m'mbali momwe manja a eni ake akale ankagwira. Wogulitsayo ananditsimikizira kuti inali itangochokera kwa mmisiri. Chikomekome cha nkuyu. Sabata yachitatu liwu limodzi mwa asanu aja linayamba kutsetsereka, ukadina chord ya zala zinayi umamva kamodzi kakukoka pansi ngati munthu wa m'kwaya amene watopa. Kudina Tune kunkathandiza kwa mphindi khumi basi. Mmisiri amene ndinapitako atatsegula anandionetsa kuti mkati simunakhudzidwe kwa zaka zambirimbiri. Makapasita ena anali atatha, ndipo chip imodzi ya oscillator inali ikufa ndi ukalamba. SSM2030 inasiya kupangidwa kalekale. Tinaisaka miyezi isanu ndi iwiri, chida chili chovundukula pa tebulo la mmisiri, ine ndilibe choimbira. Miyezi imeneyo imandiwawabe. Pali nyimbo zimene zinandibwerera m'mutu nthawi imeneyo ndipo zinapita osajambulidwa.

Itabwerako ndinapempha mnzanga amene ali ndi Rev 3 kuti tiziike pamodzi. Ndinkafuna kudzitsimikizira kuti sindinavutike pachabe. Tinazilumikiza ku masipika amodzi, ndipo mnzangayo anaumirira kuti tiyambe tafananitsa mphamvu ya mawu ndi mita, osati ndi khutu. Anachita bwino, chifukwa yanga inkatulutsa mawu okwererapo pang'ono, ndipo khutu la munthu limati chokwera ndicho chokoma, ngakhale kusiyanako kukhale decibel imodzi yokha. Ndinatembenukira kukhoma, iye n'kumaimba mosinthasintha. Fyuluta ili yotsegula, oscillator imodzi ya sawtooth (mtundu wa liwu lakuthwa), ndinkangolota. Pena ndinkalasa, pena ndinkaphonya, ndipo kangapo ndinanena motsimikiza kuti iyi ndi yanga, pamene inali yake.

Pamene tinakweza resonance (chopotokola chokweza mawu a pamalo pamene fyuluta ikudula) kupitirira theka n'kumatseka fyuluta pang'onopang'ono, apo mpomwe ndinayamba kuzizindikira mosaphonya. Kwa khutu langa, ya SSM imatsika mosalala, nsonga yake ndi yobulungira, ngati madzi akutsetsereka pamwala. Ya Curtis ili ndi kakuthwa pamwamba, imaluma pang'ono, ndipo kunena zoona pa nyimbo yodzaza ndi ng'oma ndi magitala kakuthwa kameneko n'kamene kamaithandiza kuti imveke. Ma envelope, amene amalamulira mmene liwu limayambira ndi kuzimirira, nawonso amagwa mosiyana pang'ono, ukamaimba timawu tatifupi todukaduka umakumva. Kusiyana kwake n'komweko. N'kwenikweni, n'kokoma kukudziwa, koma kuli pakangodya kamodzi ka chidacho, ndipo kumafuna kuti ukufunefune.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri n'china. Kunona kumene ndinamva pa Rev 2 yanga sabata yoyamba, chida chisanakonzedwe, kunali kutachepa. Mmisiri atawongola mawu asanu aja kuti azigwirizana, Rev 2 yanga inayandikira kwambiri kwa Rev 3 ya mnzanga. Apa ndiye ndilankhule mosapsatira: zambiri zimene anthu amazitcha kunona kwa mtundu wakutiwakuti ndi kusagwirizana kwa mawu a chida chimodzi chimenecho. Fyuluta ya liwu lachiwiri yatseguka pang'ono kuposa anzake, oscillator ya liwu lachinayi yatsalira kachidutswa, envelope ina ikuchedwa. Zonsezi zikaphatikizana chord imayenda, imapuma. Ma Rev 3 awiri amene adutsa m'manja osiyana kwa zaka zoposa 40 angasiyane kwambiri kuposa mmene Rev 2 ndi Rev 3 zokonzedwa bwino zimasiyanirana. Amene amakuuzani za kalilidwe ka Rev 2 nthawi zambiri anamvapo imodzi yokha, ena sanaikhudzeko n'komwe. Zimandipweteka kuti mawu oterewa amachotsa chimwemwe kwa munthu amene ali ndi chida chabwino m'nyumba.

Eni ake a Prophet anazidziwa zimenezi. Dave Smith atatulutsa Rev 4 mu 2020, zaka ziwiri asanamwalire, anaikamo mafyuluta onse awiri, ya mtundu wa Rossum ndi ya Curtis, ndi batani losankhira. Koma anaikanso chopotokola china cholembedwa Vintage, chimene ntchito yake ndi kusokoneza dala kugwirizana kwa ma oscillator, mafyuluta ndi ma envelope a liwu lililonse. Ndinaiyesapo kamodzi. Chopotokolacho chinasintha kamvekedwe kwambiri kuposa batani la fyuluta lija.

Mkangano umenewu sikuti uli pa Prophet pokha, ulinso pa ma synth ena. Okonda Minimoog amatsutsana za bolodi yakale ya ma oscillator ndi yatsopano imene inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mwaona kale mmene zimathera: yakale, yovuta kuchuna, ndiyo imatamandidwa. Korg MS-20 ya 1978 inayamba ndi fyuluta ya Korg35, yolusa ndi yaphokoso, kenako inasinthidwa. Pa ARP Odyssey pokha ndimavomera ndi mtima wonse, chifukwa yoyera yoyambirira ya 1972 ili ndi fyuluta ya 12 dB pa octave pamene zotsatira zake zili ndi ya 24 dB, yodula mawu mwamphamvu kwambiri. Kumeneko ngakhale munthu wosaimba amamva kuti izi ndi ziwiri. Pa Prophet mafyuluta onse awiri ndi a 24 dB. Ndipo musadalire mavidiyo a pa YouTube ofananitsa zida, pokhapokha wojambulayo atanena kuti anafananitsa voliyumu ndiponso kuti zida zonse zinawongoledwa. Kuika zopotokola pa manambala ofanana sikutanthauza kuti mafyuluta atseguka mofanana. Ndinataya usiku wambiri ndili ndi mahedifoni, ndikubwereza masekondi khumi omwewo, ndikuweruza zida ziwiri zimene sindinkadziwa n'komwe mmene zilili mkati.

Rev 2 ija ndikadali nayo, ndipo ndimaikonda. Koma nthawi iliyonse ndikaiyatsa ndimamvetsera kaye ngati mawu onse asanu adzuka, ndipo mantha amenewo sindinkawadziwa pa chida changa choyamba.

Tsono mugule kapena ayi?

Gulani, ngati ili bwino monga mwanenera. Pitani mukaiyatse nokha, muisiye theka la ola, mudine Tune. Kenako dinani makiyi asanu osiyana, imodzi imodzi osasiya, kuti mumve liwu lililonse palokha, poyamba fyuluta ili yotsegula, kachiwiri resonance ili pamwamba. Sungani kamvekedwe kamodzi, muzimitse, muyatsenso, muone ngati kakadalipo. Funsani kuti magetsi ake ndi batire ya mkati zinaonedwa liti, ndipo mupemphe kuona risiti ya mmisiri. Ma chip a CEM3340 anayambanso kupangidwa mu 2016, choncho oscillator ikadzafa simudzadikira miyezi isanu ndi iwiri ngati ine.