Kodi mankhwala osungunula gutta-percha amafooketsa dzino?

Achemwali, mwati adokotala akufuna kutsegulanso dzino lomwe anachotsamo mtsempha kalekale, ndipo adzathiramo mankhwala osungunula zimene anatsekera poyamba. Mukuopa kuti mankhwalawo adya dzino, kapena zotsekera zatsopanozo zikana kumata. Nkhawa yachiwiriyo ndi imene ili ndi mutu, ndipo ineyo ndimayiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira.

M'ngalande ya muzu amatsekamo ndi timitengo tonga labala totchedwa gutta-percha, pamodzi ndi sealer, phala lomatira timitengoto kukhoma la muzuwo. Khomalo ndi dentini. Silosalala ayi, lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo sealer amagwira bwino akakhudza khoma loyera n'kulowa m'timabowomo.

Ndiye taonani zimene zimachitika akadonthezamo chloroform, yemwe amasungunula mwachangu kuposa mankhwala ena osungunula monga eucalyptol (wochokera ku bulugama) kapena mafuta a makoko a malalanje. Gutta-percha uja amafewa n'kusanduka phala lonanda. Tizitsulo ta adokotala tikamazungulira, phalalo limapakika pakhoma, lina n'kukankhidwira m'timabowo muja. Chloroform sachedwa kuuluka, koma phala limatsala, kuuma pomwepo, lopyapyala moti ngakhale pa X-ray simungalione. Kuika sealer watsopano pamenepo kuli ngati kumata pulasitala pakhungu lodzola mafuta. Choipa china n'chakuti majeremusi amene anachititsa kuti ntchito yoyamba ilephereke, monga Enterococcus faecalis yemwe amapezeka kawirikawiri m'mano otere, amabisala kunsi kwa phalalo, ndipo mankhwala otsukira a sodium hypochlorite sawafikira. Apatu ndiye kuti cholinga chonse chotseguliranso dzino chapita padera.

Mtundu wa sealer nawo uli ndi mbali yake. Wa epoxy resin (mtundu wa guluu), monga AH Plus, amagwirana ndi collagen, ulusi wa puloteni wa mu dentini, choncho chilichonse chotchinga pakati chimamufooketsa. Wa bioceramic, amene amauma ngati simenti, amadalira chinyezi cha m'khoma kuti aume, ndiye zotsalira zamafuta sizimuyanja. Ndipo ngati wakaleyo anali wa bioceramic, chloroform samusungunula bwino.

Za kufooka kwa dentini, kafukufuku wa pa mano ozulidwa kale sagwirizana: ena anapeza kuti pamwamba pake pamafewako pang'ono mankhwalawo akakhalitsa, ena sanapeze kusintha kwenikweni. Chimene chimathyola mano otere n'kupala khoma mopyola muyeso, ndiponso kusiya dzino lotafunira lopanda crown, kachipewa kolimba kovindikira dzino. Pamenepa mankhwala osungunula amathandizanso, chifukwa gutta-percha akalimba kwambiri, kukakamiza ndi chitsulo chokha kungaboole muzu kapena kuthyolera chitsulocho m'kati.

Mwina mwamvanso kuti chloroform ngoopsa. N'zoona kuti mu 1976 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linamuletsa m'mankhwala ndi zodzola, ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linamuika m'gulu 2B la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Koma m'dzino mumalowa timadontho tochepa chabe. Chachikulu n'chakuti pakhale kansalu kalabala kotchinga m'kamwa, ndipo mankhwalawo asapyole kunsonga ya muzu, poti amapsereza minofu.

Musachite manyazi kufunsa adokotala anu mmene adzagwirire ntchitoyi. Dokotala wosamala amayamba ndi tizitsulo ndi kutentha, mankhwala osungunula n'kudonthezamo pokhapo pamene pavuta, makamaka chakumtunda kwa ngalande. Kenako amayamwa phala lija ndi timapepala tosongoka mpaka titatuluka toyera, n'kutsuka mobwerezabwereza ndi sodium hypochlorite komanso EDTA wa 17%, amene amatsegula timabowo tija, ndipo ena amagwedezanso madziwo ndi makina onjenjemera otchedwa ultrasonic. Akakufotokozerani zoterezi, lolani agwire ntchitoyo, ndipo mufunsiretu kuti crown adzaika liti.