Mlamu wanga anafinya mng'ono wanga pakhosi: ndikamutenge?

FUNSO: Mng'ono wanga ali ndi ana awiri komanso pakati pa miyezi 5, ndipo mwamuna wake amamumenya. Sabata yatha ndinamupeza atakulunga mpango m'khosi dzuwa likuswa mtengo, mawu atasasa, ndipo anandiululira kuti bamboyo anamufinya pakhosi mpaka anaona mdima. Ankhoswe aweruza kale kawiri kuti banja n'kupirira. Ndikufuna kupita ndi alongo athu kukamutenga, koma iye akukana. Ndichite chiyani? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kulemba, chifukwa zimene mwaonazo si ndewu wamba ya m'banja. Mwa zizindikiro zonse zosonyeza kuti mkazi ali pa chiopsezo chophedwa, kufinya pakhosi n'chimodzi mwa zoopsa kwambiri. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti mkazi amene anafinyidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pa chiopsezo chophedwa chowirikiza pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi amene amachitiridwa nkhanza zina. Kusasa mawu kukusonyeza kuti mwina anavulala mkati ngakhale kunja kulibe bala, choncho apite kuchipatala msanga, ndipo akauze adokotala zoona kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, limene lidzakhala umboni.

Komabe sindikuvomereza zopita ndi alongo anu. Nthawi imene mkazi akuchoka, ndiponso miyezi yotsatira, ndi imene nkhanza zimakonda kufika poipitsitsa, popeza mwamuna amaona kuti amene ankamulamulira akumupulumuka. Mng'ono wanu akamakana si kuti ndi wopusa. Iye ndi amene amagona m'nyumbamo, ndipo amadziwa tsiku limene bamboyo amabwera ataledzera ndi pamene amaika chikwanje. Mumufunse muli awiri, ana ali kutali: kodi anakuopsezapo kuti adzakupha kapena kudzipha? Kodi kumenyaku kwawonjezeka chitengere pakatipa? Kodi amafufuza foni yako ndi kukutsatira kumsika? Akati inde ngakhale pa limodzi, nkhaniyi isabwererenso kwa ankhoswe, pakuti kumukhazika pamphasa imodzi ndi womumenyayo n'kumuuza kuti alankhule zimene akalipire usiku womwewo. Ankhoswe ndimawalemekeza pa mikangano ya ndiwo ndi ndalama, koma kufinya munthu pakhosi ndi mlandu wa kupolisi.

Konzani naye dongosolo mwakachetechete. Chiphaso chake cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, zovala pang'ono ndi ndalama ya thiransipoti zisungidwe kwanu kapena kwa mnansi wodalirika. Mugwirizane mawu achinsinsi, monga akuti "ndibwerekeni mchere", oti akawanena pafoni kapena kutuma mwana, anthu athamangire kumeneko. Mkangano ukayamba azipewa kukhitchini kumene kuli mipeni, azikhala pafupi ndi chitseko. Inuyo musamulembere mauthenga onena za kuthawa, chifukwa foni imeneyo imawerengedwa ndi anthu awiri.

Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa mwamunayo kumuyandikira, ngakhalenso kulamula kuti achoke panyumba mkazi ndi ana atsale, ndipo limalola m'bale wake ngati inu kukapempha chiletsocho, ngakhale kuti ndi bwino kutero iye atavomera. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza yotchedwa Victim Support Unit, ndipo m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth muli malo a Chikwanekwane kumene adokotala, apolisi ndi alangizi amagwirira ntchito pamodzi. Mungathenso kuimba ulere pa 5600 kuti akulangizeni.

Mpata wabwino ndi tsiku la sikelo, chifukwa pa tsikuli akatuluka panyumba bamboyo sadabwa. Mukakumane naye kumeneko, mumuperekeze kwa namwino, ndipo akanena kuti sanakonzeke kuchoka musamukalipire. Mungomufunsa tsiku la sikelo yotsatira kuti mudzakumanenso.