Ana akana phala la oats, kodi lophika ngati keke lija ndi kadzutsa wabwino?

FUNSO: Anti, ana anga awiri phala la oats analikana kalekale, ati ndi lotelera. Ndiye mwana wa achemwali anga anandionetsa pa TikTok anthu akuphika oats mu uvuni nkutuluka ngati keke. Kodi zimenezi ndi chakudya chenicheni cha mmawa kapena ndi zotsekemera chabe? Komanso ine uvuni ndilibe, ndimaphikira pa mbaula. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Amayi za uvuni musadandaule, ngati munaphikapo chigumu pa mbaula ndiye kuti ntchitoyi mukuidziwa kale. Kaphikidwe kameneka kanatchuka pa TikTok mu 2021, amati baked oats, ndipo ine ndimakakonda chifukwa mwana amadya oats yemweyo amene amamukana mmbale ya phala.

Ya munthu mmodzi tengani theka la kapu ya oats, Jungle Oats wa mmashopu uja ali bwinobwino, musinje mumtondo kapena mu blender mpaka akhale ngati ufa. Phwanyani nthochi imodzi yakupsa kwambiri, ija ya madontho akuda pakhungu imene ana amainyoza, iyoyo ndiye shuga wanu. Thirani dzira limodzi, mkaka masupuni 4, theka la kasupuni ka tiyi ka baking powder ndi kamchere pang'ono basi, sakanizani. Mukafuna ya chokoleti onjezerani supuni ya koko, mukafuna ngati keke ya karoti palani karoti mmodzi muthire ndi sinamoni, koma imene ana amaimaliza msanga ndi yoika supuni ya chiponde pakatikati, ikapsa chipondecho chimasungunuka mkati mukamadula nthunzi ili tolotolo.

Pakani majarini kapoto kakang'ono, makala apansi akhale ochepa kwambiri, ambiri ikani pachivindikiro apo ayi pansi papserera mkati muli mwamadzi. Mphindi 20 mpaka 25, mubaye ndi mpeni, ukatuluka wosamata yapsa. A uvuni ikani pa madigiri 180 Celsius.

Tsono funso lanu lenileni. Eya ndi kadzutsa wabwino, oats ali ndi beta-glucan amene amathandiza kutsitsa kolesterolo komanso amakhalitsa mmimba, dzira ndi chiponde ndi zomanga thupi, mwana safika 10 koloko akulira njala kusukulu. Koma chonde musatengeke ndi ena a pa foni amene amathiramo shuga masupuni atatu, mabisiketi ndi chokoleti chathunthu pamwamba, imeneyo ndi keke basi ndipo si ya tsiku lililonse. Nthochi yakwana. Ngati pakhomo pali wodwala shuga, wake musasinje, oats wosinja amakweza shuga mmagazi msanga kuposa wathunthu, ndipo nthochi ikhale theka.

Mmawa ukamakuchepelani phikani madzulo makala a ndiwo asanazime, mawa mungotenthetsa pang'ono ana adye ndi tiyi.