Funsani Dokotala: Phewa latha chaka likupweteka, kodi ndidzakweranso miyala?

Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Likhubula ndipo ndimaperekeza alendo m'phiri la Mulanje. Zaka zitatu zapitazi ndinaphunzira zokwera miyala ndi zingwe, nde chaka chatha mu June phazi linaterereka thupi lonse nkutsala pa mkono umodzi, ndinamva kuti thoo! paphewa lakumanja. Silinaguluke ayi. Kuchipatala anajambula X-ray akuti fupa lili bwinobwino, anandipatsa Brufen nkundiuza kuti ndikapume. Ndinapuma miyezi inayi ululu nkuchepa, koma nditangobwerera pamwala basi zinayambiranso. Pano kugonera mbali imeneyo sinditha, kuvula malaya ndi vuto, agogo akuti anditeme mphini, anzanga akuti ndikabayitse jakisoni wa paphewa. Kodi ndidzakweranso?

Achimwene pepani kwambiri, chaka chathunthu ndi nthawi yaitali makamaka kwa munthu amene chakudya chake chimachokera kuphiri. Mwayi woti mukwerenso ulipo ndithu ndipo ndi waukulu, koma osati podikira kuti phewa lichire lokha mutakhala pakhonde.

Ndiyambe ndi X-ray ija chifukwa imasokoneza anthu ambiri. X-ray imaonetsa mafupa basi. Pomwe phewa ndi malo oti fupa limagwira ntchito yochepa kwambiri, mutu wa fupa la mkono ndi waukulu koma kambale komwe umakhalamo nkakang'ono komanso kosazama, ndi chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse. Chimene chimaugwira kuti usachoke ndi minyewa inayi imene timaitcha rotator cuff, kuphatikizapo kamkombero ka chichereŵechereŵe kozungulira kambaleko, dzina lake labrum. Zonsezi pa X-ray sizioneka. Nde akakuuzani kuti fupa lili bwino sananame, kungoti vuto lanu silili pafupa. Mmene mwafotokozera, thupi lonse kukoka mwadzidzidzi pa mkono wotambasuka mmwamba ndi kaphokoso kaja, ine ndikuganizira ziwiri, kung'ambika kwa labrum chakumtunda kumene kumatchedwa SLAP, kapena kuvulala kwa mtsempha wa supraspinatus, umodzi mwa minyewa inayi ija. Kusiyanitsa kwake mpaka wina akugwireni ndi manja, akuyeseni mphamvu, mwinanso sikani ya ultrasound imene imaona mitsempha bwino, kapena MRI imene imaona labrum. Yambirani kwa a clinical officer a mafupa pachipatala cha boma, iwo akhoza kukutumizani ku Queens kapena kwa a mafizo ku Kachere ku Blantyre.

Tsopano za kupuma kuja, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Masabata awiri kapena atatu oyamba kupuma kunali koyenera. Koma miyezi inayi osagwiritsa ntchito mkono, ululu umachepadi chifukwa palibe chikuuputa, pamene mkatimo minofu ikufota ndipo mtsempha ukuzolowera kusanyamula kanthu. Mwabwerera pamwala mutu ukukumbukira zomwe munkachita kale, zala zikadali ndi mphamvu, koma phewa ndi lofooka kuposa tsiku lomwe munavulala. Likapweteka mumapumanso, likufookeranso, anthu amazungulira chonchi zaka. Mtsempha umalimba ukamapatsidwa katundu wapang'onopang'ono wokwera sabata ndi sabata, ndipo umachedwa kusintha kuposa mnofu, nde musayembekezere zambiri masabata 12 asanathe, ena mpaka miyezi 6.

Sizifuna jimu. Imani pakhomo chigongono chili chogunda m'nthiti, mkono wopinda ngati mukupereka moni, kankhani felemu ya chitseko ndi kuseri kwa dzanja osasuntha mkono, gwirani masekondi 30, kasanu, tsiku lililonse. Pakatha sabata ziwiri dulani lekeni wa chubu cha njinga, mangani pa chogwirira chitseko muzikokera kunja chigongono chili pomwepo, maulendo 12 kapena 15, mupume, mubwereze chonchi katatu, kubweza kwake modekha osangousiya. Kenako botolo la madzi la malita awiri, ndi makilo awiri amenewo, kulikweza chammbali pang'ono chakutsogolo mpaka mulingo wa phewa. Onjezerani ma push-up a pakhoma, kenako a patebulo, kenako apansi, chifukwa inu okwera miyala mumangokoka moyo wanu wonse kukankha ayi, ndipo phewa limafuna zonse ziwiri.

Kodi zikamapweteka musiye? Ayi, osati nthawi zonse. Tiyerekeze 0 ndi palibe ululu, 10 ndi ululu wosapiririka. Mpaka 3 pitirizani, bola pofika mawa lake nthawi yomweyo ukhale wabwerera mwakale. Ukapitirira pamenepo, kapena wakulepheretsani tulo kuposa masiku onse, mwachulutsa, chepetsani katundu koma osasiyiratu.

Pamwala mubwerere mukamatha kukweza mkono mpaka mmwamba bwinobwino ndipo mphamvu zayandikira za kumanzere. Yambani ndi kulendewera mapazi ali pansi, mapewa mwawakokera pansi kutali ndi makutu, osalendewera ngati thumba la chimanga ayi, chizolowezi chimenecho ndi chomwe chimamaliza mapewa a okwera ambiri. Mwayi wanu ndi woti Mulanje ili ndi miyala yambiri yopendekeka imene ntchito yaikulu amagwira ndi mapazi, yambirani imeneyo chingwe chili kumtunda. Za overhang, miyala imene imapendekera kunja pamwamba pa mutu wanu, kudumphira pogwira, ndi kagwiridwe kaja ka gaston kokankhira kunja chigongono chili mmwamba, zimenezo zikhale zomalizira. Kawiri pa sabata nkokwanira, pakhale tsiku lopuma pakati. Za Chambe, khoma lalitali lija la mwala m'phiri la Mulanje, musaziganizire chaka chino.

Jakisoni amene anzanu akunena ndi wa steroid. Amachepetsadi ululu kwa masabata angapo koma samalumikiza chomwe chinang'ambika, ndipo kubayitsa mobwerezabwereza kumafooketsa mtsempha. Ine kwa mnyamata wa zaka 29 ndingamuvomere pokhapokha ululu ukukulepheretsani kupanga mafizo. Brufen kapena diclofenac wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amawononga mmimba ndi impso, makamaka inu amene mumatuluka thukuta tsiku lonse kuphiri, ndipo chonde musamwe kuti mukwere osamva kupweteka. Agogo akunena mwachikondi, koma mphini zimathera pakhungu pomwe vuto lili mkati, komanso lezala imabweretsa matenda ena. Auzeni mwaulemu kuti azikuthowani ndi kansalu ka madzi ofunda, zimenezo zilibe vuto.

Opaleshoni imabwera mtsempha ukaduka wonse, phewa likamaguluka mobwerezabwereza, kapena mwapanga mafizo mokhulupirika miyezi 3 mpaka 6 osasintha. Opaleshoni ija yongopala fupa pamwamba pa mtsempha, kafukufuku wa ku UK ndi wa ku Finland amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti siyinkaposa opaleshoni yongoyerekeza imene ankangoyang'ana mkati osapala fupa, nde wina akakuuzani za imeneyo funsani kaye kuti chang'ambika kwenikweni ndi chiyani.

Koma musadikire masabata 12 aja mukaona izi: mkono ukukanikiratu kukwera kapena ukungogwa wokha, dzanzi lotsikira ku zala, phewa kumva ngati lichoka mukatambasulira mkono kumbuyo, kutupa ndi kutentha thupi, kapena kuonda ndi thukuta la usiku, poti TB imagwiranso mafupa. Pamenepo pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Ntchito yoperekeza alendo musasiye, kuyenda kuphiri sikuwononga phewa. Chikwama chikhale ndi lamba wa m'chiuno womangitsa kuti kulemera kupite m'chiuno, pochivala yambani kulowetsa mkono wodwalawo, ndipo potsika malo oterera musamagwire nthambi ndi dzanja lakumanja. Usiku gonerani kumanzere mutakumbatira pilo kuti mkono wakumanja utsamire pamenepo.