Full backup ya cPanel simungaibwezeretse nokha, koma zonse zili m'katimo

Achimwene, mwati munatenga Full Account Backup mu cPanel (tsamba loyendetsera akaunti yanu ya hosting), webusaiti yanu ya WordPress yagwa mutangopanga update ya plugin, ndipo simukupeza pobwezeretsera. Musavutike kusaka, batanilo kulibe. Fayilo ya .tar.gz imeneyo amaibwezeretsa ndi eni seva okha kudzera mu WHM, tsamba lawo loyendetsera seva yonse. Mutha kuwalembera a hosting, koma ngati akuchedwa, chitani izi.

Musanagwire backup, lowani mu File Manager, mupite ku public_html/wp-content/plugins, musinthe dzina la foda ya plugin yolakwayo, mwachitsanzo muwonjezere _old kumapeto. WordPress ikapanda kuipeza imaizimitsa yokha, ndipo nthawi zambiri webusaiti imadzuka pomwepo.

Zikakanika, tsegulani backup ija pa kompyuta ndi 7-Zip, pulogalamu yomasulira mafayilo opanikizidwa. Mumasula kawiri, koyamba gz, kenako tar. M'katimo muli foda ya homedir, momwe muli public_html yanu, ndi foda ya mysql, momwe muli fayilo ya .sql. Zithunzi, theme ndi ma plugin zili m'mafayilo, pomwe nkhani, masamba ndi mayina a olowa zili mu database. Bwezeretsani zonse ziwiri za tsiku limodzi, chifukwa kusakaniza mafayilo akale ndi database yatsopano kumabala mavuto ena.

Mu File Manager dinani Settings, muchonge Show Hidden Files, apo ayi fayilo yobisika ya .htaccess simuiona. Pangani foda kunja kwa public_html, musamutsiremo zonse zowonongekazo. Izi n'zofunika kwambiri: kuthira backup pamwamba kumangosintha mafayilo ofanana mayina, koma fayilo yoipa imene inalowa pambuyo pake imatsala phee. Kenako mangani public_html ya backup kukhala zip imodzi, muikweze, mudine Extract. Onetsetsani kuti index.php ili mu public_html mwenimweni, osati mu foda ina ya m'kati mwake. Zilolezo (Permissions) za mafayilo zikhale pa 644, za mafoda pa 755.

Ya database, lowani mu phpMyAdmin (chida chosamalira database chomwe chili mu cPanel), musankhe database yanu, muyambe mwapanga Export kusunga momwe iliri pano. Chongani matebulo onse, Drop, kenako Import fayilo ya .sql. Ma hosting ambiri amalola 50MB yokha pamenepa. Ikaposa, ipanikizeni ikhale .sql.gz, imachepa kwambiri.

Mukaona uthenga woti "Error establishing a database connection", backup sinawonongeke ayi. Tsegulani wp-config.php, mufananize DB_NAME, DB_USER ndi DB_PASSWORD ndi zomwe zili pa tsamba la ma database mu cPanel (MySQL Databases kapena Manage My Databases). cPanel imaika dzina la akaunti kutsogolo kwa dzina la database, ndiye mukasamukira ku akaunti ina mayinawo amasintha. Ambiri amaiwalanso Add User To Database ndi kuchonga All Privileges. Tsamba loyamba likatseguka koma enawo n'kumapereka 404, lowani mu WordPress, mupite ku Settings, Permalinks, mudine Save Changes osasintha kanthu.

Kutsogoloku, musanapange update iliyonse, pa tsamba la Backup mu cPanel muzitenga Home Directory ndi MySQL Database padera. Zimenezi ndiye mumabwezeretsa nokha. Mukadawuniloda full backup, yang'anani kukula kwa fayilo pa kompyuta ngati kukufanana ndi kwa pa seva, chifukwa netiweki ikadukiza kapena magetsi akathima pakati, mumatsala ndi fayilo yoduka yosatseguka, ndipo mumadzazindikira tsiku la mavuto. Mukatsimikiza, ifufuteni pa seva: imadya malo anu. Ndipo chonde musaisiye mu public_html, chifukwa aliyense woganizira dzina lake atha kuitenga, pasiwedi ya database yanu ili momwemo. Isungeni pa kompyuta ndi pa Google Drive, dzina lake likhale ndi deti.