Musathamangire kugula njinga, yambani mwayendera makomo

Mayi, mwati pampingo panu mwasonkha kandalama kuti muyambitse utumiki wothandiza anthu aulumali ndi mabanja awo, ndipo komiti yaganiza zogula njinga za olumala zingapo kuti mukagawe pa Khirisimasi. Mtima umenewo ndi wabwino, koma ndalamazo zigwireni kaye. Njinga yogula musanamuone mwini wake nthawi zambiri imathera kuseri kwa nyumba ikuchita dzimbiri, kapena imam'pweteka amene mumafuna kum'thandizayo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'mwamba kuno ku Malawi, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Ndiye ngati mpingo wanu uli ndi akhristu 300 koma Lamulungu mumangoona aulumali awiri kapena atatu, ena onsewo ali kunyumba. Ntchito yoyamba ndi kuwapeza. Yendani awiriawiri, motsogozedwa ndi atsogoleri a miphakati kapena milaga, chifukwa iwowo ndi amene amadziwa khomo lililonse. Tengani kope, mulembe zaka za munthuyo, chimene chimam'vuta, amene amam'samalira tsiku ndi tsiku, tsiku limene anapita kuchipatala komaliza, ngati ali pasukulu, ndi chimene chimam'letsa kufika kutchalitchi. Funsani mwini wakeyo, osati kumangoyankhula ndi mayi ake iye ali pompo. Paulendo woyambawu musalonjeze kanthu, ndipo musajambule munthu n'kukamuika pa Facebook. Kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi wokhulupirika, makamaka chifukwa cha abale athu achialubino, amene akhala akusakidwa ndi kuphedwa m'dziko muno. Kumene amagona si nkhani yoti izidziwika ndi aliyense.

Mukomiti ya anthu 7, atatu akhale aulumali eni ake kapena makolo a ana aulumali. Popanda iwo mudzamanga zinthu zokongola zimene palibe adzazigwiritse ntchito.

Mukamaliza kuyenderako mudzaona kuti wotopa kwambiri pakhomopo ndi mayi kapena agogo aakazi. Mwana wa zaka 8 amene sakhala yekha, sadya yekha, amafuna munthu usana ndi usiku. Mayiyo sapita kumunda, kumaliro, kumsika, ngakhale kuchipatala iye akadwala. Abambo ambiri amathawa banja, achibale ena n'kumanena kuti kwawo kulibe zotere, oyandikana nawo n'kumanong'ona za kukhwima. Apa ndi pamene mpingo uli ndi mphamvu yoposa bungwe lililonse, ndipo sipafunika ndalama. Amayi a chigwirizano apangane zosinthana: awiri azipita kukakhala ndi mwanayo maola 3 pasabata, tsiku lodziwika, kuti mayi ake apume kapena akagwire ntchito zake. Akhale anthu omwewo kwa miyezi ingapo, chifukwa mwana wotere amachedwa kuzolowera nkhope zatsopano. Azikhala awiri nthawi zonse, chitseko chili chotsekula. Atsikana a ulumali wa muubongo ndiponso osamva amagwiriridwa kwambiri poti ochita zoipawo amadziwa kuti sakanena, choncho lamuloli lisaphwanyidwe ngakhale ndi mkulu wampingo.

Amayi amenewa aphunzire kaye kadyetsedwe. Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa, kapena chifukwa cha malungo aakulu, amavutika kumeza. Akam'dyetsa atagona chagada, phala limalowera kumapapo, ndipo chibayo chobwerabwera chimachokera pamenepo. Akhale tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, phala likhale lolimbirako osati lamadzimadzi, supuni yaing'ono, ndipo mudikire ameze musanam'patse ina. Akatha kudya akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Munthu amene amangogona azitembenuzidwa maola awiri alionse, pogona pakhale pouma, ndipo tsiku lililonse muziyang'ana m'chiuno, kumatako ndi ku zidendene. Malo ofiira kapena oderako amene sakubwerera mwakale ndiye chiyambi cha chilonda.

Ndalama zanuzo gawo lalikulu lipite ku thiransipoti. Thandizo lambiri lilipo kale, chimene chimasowa ndi yokwerera basi, ndipo ulendo umodzi sukwanira. Chitsanzo ndi mwana wobadwa ndi mapazi opindikira mkati. Amawongoledwa ndi chikhakha chimene amasintha sabata iliyonse kwa masabata 5 kapena 6, kenako amam'cheka pang'ono mtsempha wakuchidendene, ndiye amavala nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo maola 23 patsiku kwa miyezi 3, pambuyo pake usiku wokha mpaka atakwana zaka 4 kapena 5. Makolo ambiri amalekera panjira akaona kuti phazi lawongoka, kapena ndalama yoyendera ikatha, phazilo n'kupindikanso. Mpingo ukalipira maulendo onsewo n'kuika munthu wokumbutsa za nsapatozo, mwanayo adzayenda bwinobwino. Yambirani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, iwo ndi amene amatumiza ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre ana ofunika opaleshoni ya mafupa. Ofuna miyendo yochita kupanga ndi masewero olimbitsa ziwalo amatumizidwanso kudzera komweko. Dziwanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma, komanso a MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, amene kale tinkawatcha MACOHA. Makolo alumikizeni ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndipo mabanja osaukitsitsa muwafunsire za Mtukula Pakhomo.

Za khunyu tinene mosabisa, poti apa mipingo yalakwitsapo kwambiri. Pempherani ndithu, koma musauze munthu kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka kotsatizana kumene kungathe kupha. Munthu akagwa m'tchalitchi, chotsani mabenchi pafupi, ikani chitenje kumutu, musam'panikize, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musam'mwetse madzi. Kugwedezekako kukatha m'gonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Malovu ake sapatsira munthu matenda, ndipo mawu amenewa anenedwe paguwa kuti onse amve.

Tsopano njinga zija. Njinga imayezedwa ngati nsapato: kukula kwa m'chiuno, kutalika kwa ntchafu, ndi popondera mapazi. Yaikulu kwambiri imapendeketsa munthu msana n'kupindika, yothina imam'tupula khungu. Ikhale ndi khushoni yoyenera, chifukwa munthu amene anavulala msana samva kupweteka, ndipo amadzazindikira chilonda chitazama kale. Zija za m'chipatala za timatayala ting'onoting'ono kutsogolo zimatitimira mumchenga ndi m'matope. Kumudzi imayenda bwino ndi ya matayala atatu, makamaka imene matayala ake akumbuyo amafanana ndi a njinga yakapalasa, kuti chubu ndi masipoko zizipezeka kwa wokonza njinga wa pamsika. Woyeza akhale wachipatala kapena wa MACODA, ndipo patulani ndalama ina yokonzetsera chaka chilichonse.

Munthu akapeza njinga afunikanso polowera. Rampu, kutanthauza njira yotsetsereka yokwerera njinga m'malo mwa masitepe, ikakhala yabwino imatalika masentimita 12 pa sentimita imodzi iliyonse ya kukwera. Ngati khonde la tchalitchi lakwera masentimita 30, rampu italike mamita 3.6. Ngati lakwera 45, italike mamita 5.4. Amisiri ambiri amaifupikitsa pofuna kusunga simenti, ndiye imatsetsereka moti munthu sangakwere yekha, potsikanso angagubuduke. M'lifupi ikhale mamita 1.2, pamwamba pakhale malo athyathyathya a mamita 1.5 kuti athe kuima n'kutsekula chitseko, m'mbali mukhale kakhoma ka masentimita 10 ndi chitsulo chogwirira. Simenti yake musaisalaze, ikadali yaiwisi idutsitseni tsache kuti isamaterere nthawi ya mvula. Khomo likhale la masentimita 90. Musaiwale chimbudzi, chifukwa ambiri amene amati sabwera kutchalitchi chifukwa cha mtunda, vuto lenileni limakhala limenelo, kungoti amachita manyazi kunena. Munthu wokwawa ndi manja sangalowe m'chimbudzi chonyowa cha anthu 300. Mangani chimodzi chokhala ndi mpando wa masentimita pafupifupi 45, chitsulo chogwirira pakhoma, chitseko chotsekukira kunja, ndi malo okwanira kutembenuza njinga.

M'kati mwa tchalitchi musawakonzere benchi yawoyawo kumbuyo. Chotsani theka la benchi pamalo awiri kapena atatu kuti wa njinga akhale pamodzi ndi banja lake. Osamva akhale kutsogolo pamene pali kuwala, kuti aziona nkhope ya mlaliki ndi manja a womasulira. Tumizani achinyamata awiri akaphunzire chinenero chamanja kudzera ku MANAD, bungwe la anthu osamva, awiri osati mmodzi, popeza kumasulira ulaliki wonse wekha n'kotopetsa ndipo mmodzi akasamuka ntchito imaima. Ana osamva ali ndi sukulu zawo monga Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu ndi Embangweni ku Mzimba, ndipo osaona ali ndi Chilanga ku Kasungu. Wosaona musamukoke dzanja: m'funseni kaye, agwire chigongono chanu, inu mutsogole. Nambala ya nyimbo ndi vesi zizitchulidwa mokweza. Achialubino ambiri saona patali, choncho asindikizireni zolemba za zilembo zikuluzikulu. Pamisonkhano yapanja akhale pamthunzi, ndipo athandizeni kupeza zipewa zakhonde, zovala zamanja aatali ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa olembedwa kuti SPF 30 kapena kuposa.

Abusa nawo akhale nanu kuyambira pachiyambi. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Yesu n'kuyankha kuti sanachimwe iyeyo kapena makolo ake. Mayi amene wakhala zaka akunenedwa kuti anachita zamankhwala afunika kuwamva mawu amenewa akulalikidwa pamaso pa anthu omwe amamunenawo. Lekaninso chizolowezi chokokera aulumali kutsogolo nthawi iliyonse ya mapemphero a machiritso iwo asanapemphe, chifukwa ambiri analeka kubwera atatopa ndi kuuzidwa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. M'malo mwake apatseni maudindo. Wosaona angathe kutsogolera kwaya, wa njinga angathe kukhala msungichuma kapena mphunzitsi wa Sande sukulu, ndipo mnyamata wa ulumali wa muubongo angathe kulandira alendo pakhomo kapena kuyendetsa mbale ya chopereka. Pa chisankho chikubwerachi cha madikoni ndi akulu ampingo, onetsetsani kuti mayina awo alembedwa nawo pamndandanda.