Msana wavulala: kodi namwino asiye ntchito?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ndi namwino komanso mzamba m'boma la Ntcheu. Akuti agwira ntchito zaka zambiri kuchipinda chochilira, ndipo tsopano msana wawo wavulala moti dokotala wawaletsa kunyamula odwala ndi kuwerama nthawi yaitali. Iwo alemba kuti: "Ndikagwira naiti imodzi, m'mawa mwake ndimalephera ngakhale kuvala nsapato. Kodi ndingosiya ntchito ndizikagulitsa mbatata pa Lizulu?"

Mayi, pepani kwambiri. Ululu wa msana suoneka ndi maso, n'chifukwa chake anthu amachedwa kuukhulupirira, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno kwathu kumangoukolezera. Koma chonde kalata yosiyira ntchito musailembe. Chimene chakana ndi kunyamula. Maso amene amazindikira msanga kuti mayi uyu wayamba kutaya magazi mopyola muyezo mukadali nawo, ndipo chipatala chilichonse chikuwasowa.

Yambani ndi kubwerera kwa dokotala kuti akulembereni kalata yomveka bwino. Kalata yongonena kuti "apatsidwe ntchito zopepuka" sithandiza, chifukwa aliyense amaimasulira mmene afunira. Itchule zimene simungathe, monga kusamutsa wodwala kuchoka pamachira kupita pabedi, kuima maola ambiri, kapena kuwerama pothandiza mayi kuchira, ndipo itchulenso zimene mungathe. Kalatayo muiperekeze ndi pempho lanu lolembedwa, lipite kwa mkulu wa wodi yanu ndi kwa mkulu wa anamwino ndi azamba m'boma, inu musunge kope. Lonjezo lapakamwa limatha tsiku limene wolonjezayo wasamutsidwa.

Mupemphe kupita kuti? Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kiliniki ya ma ARV. Kumeneko ntchito yambiri ndi yokhala pansi: kufunsa wodwala mmene akumvera, kuwerenga mapiritsi amene atsala m'botolo, kuona ngati nthawi yoyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi yakwana, ndi kulemba pakhadi kapena pakompyuta. Kuyambira mu 2011, pamene Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, mzamba ndi munthu wofunika kwambiri pantchito imeneyi. Inu mukudziwa kale kulankhula ndi mtsikana amene wangomva zotsatira zake akuopa kukauza mwamuna wake. Luso limeneli saphunzira pasemina ya masiku atatu.

Kulinso kiliniki ya matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu, kumene odwala amabwera okha akuyenda. Kusikelo ya amayi oyembekezera ndi kwa kulera nakonso kulibe zonyamula zambiri, komabe samalani: kuika lupu ndi kuyeza khansa ya khomo la chiberekero kumafuna kuwerama, ndipo kiliniki zoyendayenda zimakukwezani galimoto m'misewu yamabampu ngati wopita ku Tsangano. Msana wovulala umamva bampu lililonse.

Ntchito ina imene anamwino ambiri amainyoza ndi ya maripoti. Chipatala chimafuna munthu woyang'anira kapewedwe ka matenda opatsirana m'mawodi, wofufuza chimene chinalakwika mayi akamwalira pobereka, ndi woonetsetsa kuti manambala a m'marejisita akugwirizana ndi amene alowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungira manambala a zaumoyo. Kalaliki akhoza kulemba nambala molondola, koma mzamba ndi amene angaone kuti patogirafu iyi, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera, inadzazidwa mwana atabadwa kale. Ngati kompyuta imakuvutani, yambani lero kuiphunzira, ngakhale kwa mwana wanu madzulo.

Za uphunzitsi ndinene mosabisa. Kuyang'anira ophunzira amene abwera kudzayeserera ntchito pachipatala mungathe ngakhale pano. Koma kukaphunzitsa m'kalasi, ku Malawi College of Health Sciences, ku Nkhoma kapena kusukulu zina za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumafuna digiri. Ngati muli ndi dipuloma, njira ndi kukaonjezera maphunziro, mwachitsanzo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Musanalembe kalata yofunsira malo, funsani za nthawi yoyeserera m'mawodi, chifukwa wophunzira amagwiranso naiti ndi kunyamula odwala. Ngati mtima wanu uli pa kumvetsera anthu, sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa uphungu ndi chisamaliro cha odwala maganizo, ndipo odziwa zimenezi ndi ochepa m'zipatala zathu.

Kunja kwa chipatala chanu mwayi ulipo, ngakhale si wambiri. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo anthu amaimba pa 54747, chimayankhidwa ndi azaumoyo atakhala pampando. Mabungwe a kafukufuku monga UNC Project ku Lilongwe ndi Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre amalemba anamwino ofotokozera anthu za kafukufuku, kutenga magazi ndi kudzaza mafomu. Malipiro ake amakopa, koma ndi ntchito za kontirakiti. Tonse tinaona mu 2025 mmene anthu anakhalira pakhomo dziko la America litaimitsa thandizo lake. Munthu amene msana wake ukufuna chithandizo kwa zaka zambiri aganize kawiri asanataye penshoni ya boma chifukwa cha kontirakiti ya chaka chimodzi.

Kulikonse kumene mungapite, layisensi yanu ku Nurses and Midwives Council of Malawi isathe mphamvu. Lipirani m'nthawi yake ndipo pitirizani kusonkhanitsa mapointi a CPD, a maphunziro oonjezera luso pantchito, ngakhale muli patchuthi chodwala. Ntchito zonse ndatchulazi zimayamba ndi kufunsa pepala limeneli.

Ngati munavulala muli pantchito, lamulo la Workers' Compensation la mu 2000 limakhudza za chipepeso, ndipo ofesi ya zantchito paboma ingakuuzeni zoyenera kuchita. Kumafunika umboni, choncho sungani buku lanu lakuchipatala, zithunzi za msana ndi makalata onse. Ngati ndinu membala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, auzeni nkhaniyi msanga kuti akuperekezeni pokakambirana ndi akuluakulu. Kupuma pantchito chifukwa cha matenda n'kotheka, koma imeneyo ikhale njira yomaliza, mutafunsa bwinobwino ndalama zimene mudzalandire.

Konzekeraninso kuti anzanu ena adzanong'ona kuti mwathawa naiti. Musawakwiyire, nawonso atopa ndipo ndi ochepa pawodi. Pamsonkhano wa m'mawa fotokozani nokha zimene dokotala wanena, ndipo nenani ntchito imene mudzawapepuza nayo, kaya ndi maripoti a mwezi kapena kuyang'anira ophunzira. Ndipo ngati simunakumanepo ndi a fiziyo, akatswiri othandiza ziwalo zovulala ndi mafizo, pemphani dokotala akutumizeni kumeneko sabata yomweyi.